Mafunso Awiri a M'nyengo ya Adventi

Akhristu anzanga a m'midzi, Adventi wafikanso. Ayamba pa Lamulungu loyandikana ndi tsiku la Andrea Woyera, 30 Novembala. Mudzaona wansembe atavala za chibakuwa, ndipo pa masiku anayi a Lamulungu nyimbo ya Ulemu siimbidwa, pakuti Eklezia aisungira usiku umene Ambuye adabadwa.

Kwathu kuno nyengoyi igwa pa mvula yobzalira. Chimanga chomwe ana akadadya tachikwirira m'nthaka, nkhokwe ilinkutsika, udzudzu wachuluka ndipo malungo alowa m'nyumba. Mtima wa munthu ufunsa mafunso. Kodi kufunsa nkuchimwa? Iai. Koma mafunso ali mitundu iwiri, ndipo Luka Woyera watisonyeza yonse m'mutu woyamba wa Mthenga wake.

Zakariya adali wansembe wolungama, nkhalamba yopanda mwana. Alikufukiza lubani m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, Mngelo Gabriele adamuuza kuti Elizabeti adzabala mwana wamwamuna. Chinthu chomwecho adachipempha zaka zambiri, koma pochimva adayamba kuwerenga zaka zake ndi za mkazi wake, nafuna chizindikiro asanavomere. Adachilandiradi, koma chowawa: adakhala wosalankhula kufikira tsiku lachisanu ndi chitatu mwana atabadwa, pamene adalemba dzina la Yohane.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi mngelo yemweyo adafika ku Nazareti. Virigo Maria nayenso adafunsa, popeza sadadziwe mwamuna. Koma iye sadakayike ngati Mulungu angathe, adangofuna kudziwa njira yoti amvere. Taonani tsono: chizindikiro chimene sadachipemphe adachilandira, ndicho pakati pa Elizabeti mbale wake. Adavomera asanadziwe chimene Yosefe adzaganiza, kapena chimene anthu a m'mudzi adzanena pa chitsime. Ndipo inu amayi mudziwa kuti pakamwa pa anthu mpowawa.

Funso la Zakariya lili pakati pathu. Mwana akatentha thupi usiku, ena a ife aloza ku ula kuti adziwe wawalodza ndani, mendulo ili pakhosi. Chimene abwera nacho ndi dzina la mbale, ndi udani umene sutha ngakhale mwana atachira. Wofunsa monga Maria anena kuti: Ambuye, ndichite chiyani? Abereka mwana kunka naye ku chipatala kusanache, alikunena Korona panjira. Wotereyu sakhala manja lende, monganso wobzala saleka kupalira.

Komabe Zakariya sitimunyoza. Mulungu sadamlande lonjezo chifukwa cha kukayika kwake, ndipo wina aliyense amene adaterereka chaka chino apite kukalapa Khirisimasi isanafike. Pa 8 Disembala, tsiku la Maria Wopanda Tchimo Lobadwa Nalo, chiphunzitso chimene Papa Pius IX adachilengeza mu 1854, abambo asonkhanitse banja madzulo pochoka kumunda, ndipo mwana wodziwa kuwerenga awerengere onse mutu uja wa Luka.