Ophunzira a ku yunivesite akafika m'mudzi mwathu

Ambiri a ife tinaonapo galimoto itaima pa bwalo la amfumu, mukutsika anyamata ndi atsikana ovala makoti oyera, mapepala ali m'manja. Amatifunsa za madzi amene timamwa, amakweza ana sikelo, nthawi zina amatenga magazi, kenako amapita. Zimene anapeza sitizimva. Chaka chinacho kumabwera ena ndi mafunso omwewo, ndipo anthu amayamba kunong'onezana.

Manong'onong'o otere akakula amapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anaphedwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ena ankaopa kulowa m'midzi. Si ophunzira amene anayambitsa mphekeserazo, koma zinationetsa kuti anthu akasiya kukhulupirira wonyamula jekiseni, wovutika ndi mwana amene waphonya katemera.

Ife a Adventist nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa m'boma la Thyolo inayamba mu 1902. Lero pali chipatala ndi koleji ya zaumoyo, yomwe ndi nthambi ya Malawi Adventist University pamodzi ndi Lakeview ku Ntcheu. Chipatalachi chili paubale ndi Loma Linda University ya ku California. Anamwino ndi oyeza magazi amene amaphunzira kumeneko amaphunzirira pa matupi a anthu a m'midzi yozungulira, ndiye kuti amayi athu, ana athu ndi ife tomwe. College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences, nayonso imatumiza ophunzira ake ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa anthu a m'midzi. Masukuluwa sangaphunzitse bwino popanda mudzi, choncho mudzi uyenera kukhala ndi mawu.

Mawuwo ayambe kumveka ntchito isanayambe. Ophunzira akafika, tipemphe kuti akhale pansi ndi amfumu, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu. Mwina iwo abwera kudzawerenga odwala malungo, pamene ife chotisowetsa tulo ndi mjigo wakufa kapena achikulire amene akufa ziwalo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Pa Marko 10, Yesu anayamba wafunsa Bartimeyo chimene ankafuna, ngakhale aliyense ankaona kuti ndi wakhungu.

Tiyang'anenso amene sanafike pa bwalo. Msonkhano wa m'mawa m'nyengo yokolola tiyi suona nkhope za othyola tiyi. Mlongo wosamva sapindula ngati palibe womasulira ndi manja. Agogo osayenda amafunika kuwapitira kunyumba. Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba sangalankhule pamaso pa amalume ake, koma angamasuke pakati pa amayi a Dorika. Msonkhano ukachitikira m'tchalitchi mwathu, tiitane mwaulemu anansi athu Achisilamu ndi a mipingo ina, kapena tiusamutsire ku sukulu kuti aliyense amve kuti ndi wake. Ifenso tinene msanga kuti Sabata sitipezeka, kuti tsiku lisankhidwe lokomera onse.

Tidziwe ufulu wathu. Kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu, monga National Health Sciences Research Committee. Wofufuza afotokoze m'chilankhulo chathu chimene akufuna, kumene magazi akupita, ndi amene adzaone zotsatira. Tisasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sitinalimvetse. Wokana asamanidwe mankhwala kuchipatala.

Asanakwere galimoto, tigwirizane tsiku limene adzabwerenso kudzatiuza zimene apeza. Mlembi wa komiti alembe tsikulo m'kope pamodzi ndi dzina la mphunzitsi wawo, ndipo likakwana popanda wofika, awakumbutse.

Kwa ife amene tili ndi ana ku makoleji amenewa, udindo umayambira pakhomo. Tiwaphunzitse kupereka moni kwa akulu, kukhala pa mphasa, ndi kumvetsera kufikira wolankhulayo atamaliza. Akabwera ku tchuthi, ayeze magazi a agogo oyandikana nafe, awafotokozere tanthauzo la manambalawo, ndipo sabata yotsatira akawaonenso.