Ndani amalipira kafukufuku wa ana ochedwa kuyankhula?

Mwana akafika zaka ziwiri asanayambe kulumikiza mawu, achibale amatonthoza mayi ake kuti asade nkhawa, bambo akenso anachedwa. Kawirikawiri amanena zoona, pakuti ana ambiri otere amadzawapeza anzawo. Koma ena satero, ndipo vuto limadzaonekera mu Sitandade 1, mwana akamalephera kutsata zimene aphunzitsi akunena. Kuti achipatala asiyanitse ana awiriwa pamafunika muyezo, ndipo muyezo umachokera ku kafukufuku amene wina wake anaikapo ndalama.

Muyezo wofala kwambiri unachokera ku America, pa ana oyankhula Chingerezi: mwana wa miyezi 24 amene mawu ake sakufika 50, kapena sakuphatikiza mawu awiri, amamuyesa wochedwa. M'Chichewa nkhaniyi imavuta. Mwana akati “ndamuona”, wanena liwu limodzi kapena chiganizo chathunthu? Chingerezi chimafuna mawu atatu kapena anayi kuti chinene zomwezo.

Mu 2022, akatswiri awiri, Evan Kidd ndi Rowena Garcia, anaunika magazini anayi akuluakulu ofalitsa kafukufuku wa chiyankhulo cha ana. Anapezamo ziyankhulo 103 zokha mwa pafupifupi 7,000 za padziko lonse, ndipo zolemba zoposa theka zinali za Chingerezi. Kafukufuku amapita kumene kuli ndalama.

Kuno kwathu zilipo zimene zachitika, koma ndalama zake zinalowera khomo lina. Muyezo wa MDAT, umene Melissa Gladstone ndi anzake anafalitsa mu 2010 atayeza ana 1,426 akumudzi, umaona kakulidwe konse ka mwana. Kuyankhula ndi gawo limodzi chabe mwa anayi. Ku Mangochi, ofufuza a iLiNS, mothandizidwa ndi bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation, anakonza mndandanda wa mawu a Chichewa ndi Chiyao wofunsira amayi za ana a miyezi 18. Ntchito yabwino ndithu, komatu funso lawo linali lakuti zakudya zowonjezera zikuthandiza ana kapena ayi.

Funso la kholo ndi lina: wangayu adzawapeza anzake? Kuliyankha kumafuna kutsatira ana omwewo kuyambira ali kumsana mpaka atalowa sukulu, kuwayezanso makutu ndi kulemba amene anadwalapo malungo okhudza ubongo, pakuti zimenezinso zimachedwetsa kuyankhula. Imeneyi ndi ntchito ya zaka zinayi kapena zisanu, ndipo imafuna wopereka ndalama amene funso lake ndi chiyankhulo chenichenicho.