BALK: LAMULO LOLETSA KUNAMA NDI THUPI

Ambiri a ife malamulo a mpira wa miyendo timawadziwa pamtima. Tsono lero ndati tichezeko za masewera ena otchedwa baseball, amene amakondedwa kwambiri ku America, Japan ndi Cuba. M'masewerawa muli lamulo lina lotchedwa balk, limene limautsa mikangano kawirikawiri. Ine limandichititsa chidwi chifukwa limalola munthu kuchenjera, koma limamuletsa kunama.

Poyamba ndifotokoze za bwalo. Bwalo la baseball lili ndi malo anayi oimapo otchedwa mabesi, ndipo kuchoka pa besi ina kufika pa inzake pali mamita pafupifupi 27. Pakati pa bwalo pali kachulu, ndipo pamwamba pake pali kachidutswa koyera ka labala. Woponya amaponda labalayo poponyera mpira womenya, amene amaima ndi chibonga chake pa mtunda wa mamita 18 ndi theka. Womenya akaumenya bwino mpirawo amathamangira ku besi yoyamba. Akazungulira mabesi onse n'kubwerera pamene anayambira, timu yake yapeza chigoli.

Nkhani imakula pamene pa besi pali wothamanga. Iyeyu sachita kudikira kuti mnzake amenye mpira. Amaloledwa kusendera kutsogolo pang'ono, ndipo woponya akangoyamba kuponya, iye atha kuliyatsa liwiro kupita ku besi yotsatira. Kumeneku amati kuba besi. Koma woponya nayenso atha kutembenuka n'kuponyera mpira mnzake wolondera besiyo, ndipo wothamanga akakhudzidwa ndi mpira asanabwerere, watuluka. Choncho maso a wothamanga amakhala pa mapazi ndi mapewa a woponya. Kukanakhala kuti woponya amaloledwa kunamizira mmene angafunire, palibe wothamanga akanalimba mtima kuchoka pa besi.

Malamulo amalola kaimidwe ka mitundu iwiri. Koyamba ndi windup: woponya amayang'anana ndi womenya, amabwezera mwendo umodzi m'mbuyo, kenaka n'kuponya ndi thupi lonse. Kaimidwe kameneka kamadya nthawi. Kachiwiri ndi set: amaima chammbali, phazi limodzi pa labala, lina kutsogolo, n'kubweretsa manja onse pamodzi patsogolo pa thupi. Pa besi pakakhala wothamanga, ambiri amasankha set chifukwa mpira umachoka msanga. Koma apa pali lamulo: manja akakumana, woponya ayenera kuima zii, ngakhale kwa kanthawi kochepa, asanaponye.

Nanga balk n'chiyani? Ndi pamene woponya, phazi lili pa labala, wachita chinthu chosokeretsa wothamanga. Akayamba kuponyera womenya n'kulekeza panjira, imeneyo ndi balk. Akaponya asanaime zii, ndi balk. Akanamizira kuponyera ku besi yoyamba koma mpira osautaya, ndi balk, ndipo kuyambira mu 2013, kunamizira ku besi yachitatu nakonso kunaletsedwa. Akaponyera ku besi osaponda kaye cholunjika kumeneko, kapena mpira ukangomupulumuka n'kugwa pansi, mlandu ndi womwewo. Paja akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Chilango chake n'chakuti othamanga onse amasendera besi imodzi kwaulere, ndipo amene anali pa besi yachitatu wagoletsa basi.

Izi sizitanthauza kuti woponya wamangidwa manja. Atha kuima nthawi yaitali ulendo uno, yaifupi ulendo winawo, kuti wothamanga asamuzolowere. Athanso kuchotsa phazi pa labala polibwezera m'mbuyo, ndipo akatero ali mfulu kunamizira. Komabe kuyambira mu 2023, mu ligi yaikulu ya ku America amaloledwa kuchoka pa labala kapena kuponyera ku besi kawiri kokha pa womenya mmodzi. Akayesa kachitatu koma wothamanga osatuluka, imawerengedwa balk.

Ntchito yovuta ili ndi oyimbira masewera, amene mu ligi yaikuluyo amakhala anayi ndipo sagwiritsa ntchito wezulo. Woyimbira sangaone mumtima mwa woponya. Amaweruza zimene thupi lachita. Mu 1961, pa masewera a akatswiri okhaokha ku San Francisco, mphepo yamphamvu inagwedeza Stu Miller ataima kale pa set. Iye sanafune kupusitsa munthu, koma balk inaperekedwa. Mu 2022 Richard Bleier wa timu ya Miami Marlins anagamulidwa balk katatu pa womenya mmodzi, moti Jeff McNeil wa New York Mets anachoka pa besi yoyamba mpaka kugoletsa mpira usanamenyedwe.

Vuto lina n'lakuti mawu akuti kuima zii aliyense amawamva mwakemwake. Mu 1988 akuluakulu a ligi analamula kuti kuimako kuzioneka bwinobwino, ndipo chaka chimenecho ma balk anafika 924. Dave Stewart wa Oakland Athletics yekha anapalamula 16. Chaka chotsatira lamulolo linafewetsedwanso.

Anthu ena amati lamuloli n'lankhanza chifukwa limalanga ngakhale wosalakwa dala ngati Miller. Ine ndikuona kuti kwa wothamanga zilibe kanthu kaya woponya wagwedezeka dala kapena ndi mphepo: iye waona phewa likusuntha, wakhulupirira, wanyamuka. Woyimbira akayamba kufunsa za cholinga, woponya aliyense adzati sanachitire dala. N'chifukwa chake ndikuti woyimbira wabwino ndi amene muyeso wake susintha, kaya ndi pachiyambi pa masewera kapena pamapeto pamene chigoli chimodzi chitha kugwetsa timu.