Kusalaza ndi Kutsendera Maziko a Nyumba Yosungiramo Zokolola

Matumba 100 a chimanga olemera makilogalamu 50 lililonse ndi katundu wa matani 5, ndipo kulemera konseku kumatsamira pa kamalo kochepa. Ngati pansi papendekeka kapena sipanatsenderedwe bwino, mbali imodzi imatitimira, simenti imang'aluka, ndipo m'ming'aluyo mumadzera chinyezi ndi chiswe. Chimanga chimene mlimi anachiumitsa kufika pa 13 peresenti ya chinyezi chimayambanso kunyowa kuchokera pansi, n'kuchita chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ngakhale ufa utaphikidwa. Pa chifukwa ichi, mlangizi ayenera kufika pakhomo mlimi asanakumbe, osati khoma litakwera kale.

Malo abwino ndi okwera, kumene madzi a mvula sadikha. Dothi la makande, lopezeka m'madambo ndi m'zigwa monga za Shire ndi Luangwa, limafufuma likanyowa ndipo limang'aluka likauma. Maziko omangidwa pamenepo sakhalitsa. Pafupi ndi chulu kapena mtengo waukulu sipoyeneranso. Dothi lapamwamba, lokhala ndi mizu ndi zinyalala, lichotsedwe mpaka lolimba lioneke, kawirikawiri masentimita 15 kapena 20. Zitsa zizulidwe zonse, pakuti chitsa chokwiriridwa chimaitana chiswe, ndipo chikawola chimasiya mphako.

Pamalo otsetsereka alimi ambiri amathamangira kuthira dothi kumunsi chifukwa ntchitoyo ndi yopepuka. Njira yodalirika ndiyo kukumba kumtunda, kuti nyumba ikhale pa nthaka yosagalauzidwa. Dothi lothira limapitiriza kutitimira kwa nyengo zingapo za mvula.

Ngodya ziwongoledwe ndi zikhomo ndi chingwe. Kuchokera pa chikhomo cha pangodya, mbali imodzi iyezedwe mamita 3, inayo mamita 4. Pakati pa nsonga ziwirizo pakakwana mamita 5, ngodyayo yawongoka. Pomaliza ayeze mopingasa, ngodya ndi ngodya yoyang'anana nayo, ndipo miyeso iwiriyo ifanane.

Maso amanyenga poyeza msinkhu, ndipo levulo ya mmisiri sipezeka m'mudzi uliwonse. Paipi yapulasitiki yoonekera m'kati, yotalika kuposa nyumbayo, imagwira ntchito yomweyo. Ithiridwe madzi mpaka mpweya wonse utuluke, chifukwa kathovu kamodzi kamasokoneza muyeso. Munthu mmodzi agwirizize mapeto a paipi ku chikhomo cha pamalo okwera kwambiri, mnzake apite ndi mapeto enawo ku chikhomo china. Madzi akakhazikika, pamene alekezera mbali zonse ziwiri ndi msinkhu umodzi, ndipo onse awiri alembe chizindikiro. Woyamba asasunthe, mnzakeyo azungulire zikhomo zonse, ndipo pa chilichonse adikire kuti madzi a kwa woyamba abwerere pa chizindikiro chake asanalembe. Chingwe chokungidwa pa zizindikirozi ndicho poyambira miyeso yonse yopita pansi. Mlangizi akaonetsa njirayi kamodzi pa msonkhano wa kalabu, alimi amaigwira msanga.

Pansi pa nyumba pakwezedwe masentimita 30 kuposa bwalo. Dothi lodzazira, losakanikirana ndi timiyala, lithiridwe pang'onopang'ono, osapitirira masentimita 15 nthawi imodzi, liwazidwe madzi ndi kutsenderedwa ndi chipika cholemera lisanathiridwe lina. Lanyowa mokwanira ngati ligwirana likafumbatidwa koma osamata m'manja. Pamwamba pake payalidwe miyala kapena zidutswa za njerwa zootcha, kenako mchenga wophimba nsonga zakuthwa, ndiyeno pepala lapulasitiki lochindikala lotchinga chinyezi. Pepalali ndilo limene anthu amakonda kulidumpha poti silioneka nyumba ikatha, chonsecho mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi matumba a pansi amene angawole.

Konkire isakanizidwe motere: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya miyala ya kwale, ndipo ichindikale masentimita 10. Iphimbidwe ndi masaka onyowa ndi kuthiriridwa masiku 7. Kumene simenti yavuta, njerwa zootcha zoyalidwa pa mchenga pamwamba pa pepalalo zimathandiza.

Kumtunda kwa nyumba kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi mvula yoyamba isanagwe. Matumba asanjidwe pa thandala la mitengo, motalikirana ndi khoma, kuti mpweya uzidutsa ndiponso njira ya chiswe ionekere ikangoyamba.