Amalume a zidindo ndi supuni ya anti

M'komboni yonse ya Ng'ombe ku Lusaka munalibe munthu wodziwa kulemba chobwerera m'mbuyo kuposa amalume anga. Ntchito yawo inali yogoba zidindo: za masukulu a m'komboni, za matchalitchi omwe amabadwa mwezi ndi mwezi, za magulu a chilimba, za eni tuntemba ofuna kuoneka ngati kampani. Katebulo kawo kanali m'tauni, pakhonde la sitolo ina, ndipo chuma chonse chinali m'kabokosi: malezala, zidutswa za labala, timitengo togwirira ndi kabotolo ka inki. Munthu ankangotchula dzina, iwo n'kuyamba kuligoba kuchokera kumanja kupita kumanzere, osayang'ana pa kalilole. Anyamata ofuna chidindo cha sukulu yomwe sanapondemo ankathamangitsidwa ndi mawu oti sindingawalembe pano.

Kenako kunabwera zidindo zopangidwa ndi kompyuta, zokhala ndi inki yake m'kati, zotuluka munthu asanamalize kumwa botolo la Fanta. Makasitomala anatha mmodzimmodzi mpaka katebulo kanabwerera kunyumba, anti n'kuyamba kuikapo tomato.

Amalume a zaka zimenezo sindiwafunira munthu aliyense. Ankadzuka dzuwa litakwera, kuvala jekete lomwelo la phulusa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pomwe madala anzawo ankasewera nsolo ndi paketi ya chibuku pambali. Nkhani inali imodzi: dziko latha, ana a masiku ano sadziwa ntchito ya manja, kompyuta idzatidya tonse. Ukawapatsa moni ankayankha ndi matenda. Anti ndiwo ankanyamula nyumba ndi vitumbuwa ndi tomato, ndipo akatopa ankangoti, "Abambo, manja amenewo mukusungira ndani?"

Chinawadzutsa ndi ganyu. Chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda chimachitika chaka ndi chaka ku Showgrounds kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo masabata ochiyandikira kumafunika anthu olemba zikwangwani. Anti anamva zimenezi kwa mnzawo wa kutchalitchi n'kuwakankha amalume kuti apite. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro, pofuna pothawira fumbi, analowa m'nyumba ina yomwe chitseko chake chinali chotsegula, osadziwa kuti alowa mu Henry Tayali Visual Arts Centre. Zithunzi za penti anazidutsa mwaulemu. Koma pakhoma lina panali chithunzi chakuda ndi choyera cha amayi a pamsika, ndipo pamenepo anaima. Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Mizere ija anaidziwa. Anaona pomwe mpeni unalowa mwamphamvu, pomwe unaterereka, pomwe mwini wake anasiya timizere ta labala tosachotsa bwino tomwe tinatola inki.

"Ichi sanajambule ndi bulashi," anatero mokweza m'nyumba ya anthu olankhula monong'ona. "Ichi n'chidindo!"

Mnyamata wina wojambula yemwe anali pafupi anaseka n'kuvomera. Anawafotokozera kuti chithunzicho amachigoba pa lino, chija choyala pansi m'nyumba, kapena pa thabwa, n'kupakapo inki n'kudinda pa pepala. Pomwe wagoba pamatuluka poyera, pomwe wasiya pamatuluka pakuda, ndipo zonse zimatembenuka. Amalume anamudula: "Mwana wanga, zimenezo ndinayamba iwe usanabadwe." Ataona mtengo wolembedwa pansi pa chithunzicho, anapempha mpando.

Madzulo ake anandiitanitsa, poti ine ndiye wamanyuzipepala pa mtundu wathu, ndipo ndinafunsidwa mafunso ngati wakuba nkhuku. Ndani anayambitsa? Anaphunzira kuti? Ndinawauza za Henry Tayali mwini dzina la nyumbayo, wobadwa mu 1943, yemwe anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany, n'kumwalira mu 1987. Ankapenta, ankasema, ankadindanso zithunzi zogoba pa matabwa, zodzaza makamu a anthu wamba. Chifanizo cha wophunzira womaliza maphunziro chomwe chili pa yunivesite ya UNZA, pafupi pomwepa, ndi ntchito yake. Amalume anagwedeza mutu: ameneyo ndi wa masukulu, si mnzawo.

Ndiye ndinawauza za khomo lina. Cynthia Zukas, wobadwira ku Cape Town mu 1931, mkazi wa Simon Zukas womenyera ufulu uja, ndi katswiri wa zodindadinda, ndipo makina odindira omwe iye anapereka ankagwira ntchito m'chipinda cha Art Centre Foundation pa Evelyn Hone College. Cha m'ma 1975 m'chipindamo munayamba kusonkhana gulu lotchedwa Lusaka Artists Group: Fackson Kulya, Patrick Mweemba, David Chibwe ndi Style Kunda, pamodzi ndi Bert Witkamp wa ku Netherlands. Ambiri mwa amenewa sanali anthu a madigiri a kunja. Kulya anadziphunzitsa yekha, ndipo zithunzi za Chibwe n'za misika ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Mu 1986 mayi Zukas, Tayali ndi Bente Lorenz anayambitsa Lechwe Trust yosunga ntchito za aluso a m'Zambia kuti zisathere kunja, ndipo kuyambira 2018 ili ndi nyumba yake yoonetsera pa Lagos Road. Pa dzina la Kulya amalume anakhala tsonga. "Wodziphunzitsa yekha? Ndipo zili pakhoma?"

Ine ndimaona kuti kudinda ndi luso lomwe linalengedwera munthu wa m'komboni. Wopenta akagulitsa chithunzi chake, chapita, ndipo kuti apeze phindu ayenera kutchula mtengo womwe aphunzitsi ndi anamwino sangaufike. Wogoba akatha thabwa limodzi ali ndi zithunzi khumi kapena makumi awiri, zonse zenizeni, zoti akhoza kugulitsa motsika n'kutsala nacho china cha pakhoma pake. Safunanso malaiti, chomwe kwathu kuno si nkhani yaing'ono.

Zida anazipeza m'njira yomwe inasokoneza mtendere wa panyumba. Nthiti za ambulera yakale n'zokumbika pakati, ndipo ukadula imodzi, kuinola pa mwala n'kuikhomera m'kamtengo, umapeza chogobera chabwino kwambiri. Ambulera ya anti inakhala yakale tsiku lomwelo. Chogudubuzira inki anapanga ndi kapaipi kovekedwa chubu cha njinga. Galasi la windo losweka linakhala posakanizira. Inki yeniyeni yodindira, yonata ija yochedwa kuuma, anakapempha zotsalira m'zitini kwa mnzawo wakale wogwira ntchito kosindikiza mabuku. Makina analibe, choncho ankayala pepala pa thabwa n'kulitikita ndi kumbuyo kwa supuni, pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya. Supuniyo inali yaikulu ija yopakulira ndiwo alendo akabwera.

Zithunzi zoyamba ndimazisunga kuti ndizisekera. Zonse zinali zozungulira, zazing'ono ngati pansi pa kapu, ndi mizere iwiri m'mphepete, ndipo pa china anasiya mpata wolembapo deti. Atapita nazo ku Showgrounds, mnyamata uja anaziyang'ana n'kunena mwaulemu, "Mdala, dzanja muli nalo kuposa tonse pano. Koma tulukanimo m'bwalomu, pepala ndi lalikulu." Anatulukadi, n'kugwera m'dzenje lina: mikango, njovu, dzuwa likulowa kuseri kwa mlambe, poganiza kuti azungu amafuna zimenezo. Anti anaimirira kumbuyo kwawo, manja m'chiuno.

"Abambo, mkango munauona kuti inu?"

"Pa kalendala."

"Ndiye n'chifukwa chake ukuoneka ngati galu wa aneba."

M'mawa mwake anawapatsa zigubu ziwiri kuti akatunge madzi okha, kuti mwina akaone zinthu zomwe amazidziwa. Pa mzere wa pampopi ndi pomwe amalume anapeza chuma chawo. Anabwerera madzi atatayika theka, koma kuseri kwa katoni ya sopo atajambulapo amayi atatu akukangana za malo, mwana atagona kumsana, ndi mzere wa zigubu wokhota ngodya. Chithunzi chimenecho chitatuluka pansi pa supuni, anti sananene kanthu. Anangochitenga n'kukachipachika pabalaza, pamwamba pa chithunzi cha ukwati.

Kuyambira pamenepo Ng'ombe yense wakhala akulowa m'thabwa. Wanjinga wonyamula matumba a makala osanjikizana kuposa mutu wake. Anyamata a mawilibala akudikira katundu pamsika. Kondakitala atalendewera pakhomo la basi, kukamwa kuli yasa. Wometa, wowotcha chimanga, ana akudumpha ngalande nthawi ya mvula. Anagobanso amayi amasiye a ku Chikumbuso, bungwe lomwe linayamba muno mu Ng'ombe mu 2005, akuluka zikwama ndi mapulasitiki ogulira zinthu, m'nyumba yomwe kale inali bala. Za nyumbayo amalume amakonda kunena kuti, "Ngati bala inatembenuka mtima, ine ndingakanike bwanji?" Zala za amayiwo anazigoba katatu konse asanakhutire, chifukwa, iwo amati, nkhope ungainamize koma dzanja logwira ntchito limadziwika.

Mukabwera lero simungawazindikire. Tambala asanamalize kulira ali kale panja, kope m'thumba, pensulo kukhutu. Jekete la phulusa lija anti analidula kukhala zopukutira inki. Pa chingwe choyanikira zovala pamalendewera amayi a pampopi khumi ndi awiri ofanana, ogwidwa ndi mapegi, ndipo zovala zimadikira nthawi yake. Akafika poti asendeze pepala pa thabwa, ana a mzere wonse amaunjikana, iwo n'kuchedwetsa dala, kukweza kangodya kokha, kusuzumira, kubwezeretsa, mpaka ana kukuwa kuti "Agogo, tsegulani!" Madala a pansi pa mango anayamba ndi kunyoza, koma atadziona okha pa pepala, nsolo pakati, aliyense anafuna lake, kupatula mmodzi yemwe mpaka pano akuti mimba yake anaikulitsa mwadala.

Chomwe chimandisangalatsa koposa n'chakuti a masukulu aja tsopano ndi amene amakwera basi kubwera m'komboni. Wojambula aliyense woyamba kudinda amagwa pa zilembo: amagoba dzina la sitolo mowongoka, likatuluka lili chobwerera, thabwa lonse n'kuonongeka. Amalume amagoba mawu olembedwa kumbuyo kwa basi akucheza, osayang'anitsitsa n'komwe. Ndiye mumaona mnyamata wa dipuloma atakhala pa chigubu, akuphunzira kulemba S kwa mdala yemwe kompyuta inamuchotsa ntchito. Iwo amamuphunzitsa zilembo, iye amawaphunzitsa kudinda mitundu iwiri ndi kusankha pepala losang'ambika.

Phunziro limodzi lokha ndi lomwe linawavuta. Anauzidwa kuti pansi pa chithunzi chilichonse azilemba ndi pensulo nambala monga 4/15, kutanthauza chachinayi mwa khumi ndi zisanu, ndipo zikakwana asadindenso. Kwa munthu wa zidindo zimenezi ndi misala: chidindo chimagwira ntchito mpaka labala atatha. Anakana, anakangana, anadinda mobisa. Anti, omwe anamvetsa msanga kuti chosowa ndiye chimakwera mtengo, analanda nkhaniyo. Tsopano iwo ndi amene amawerenga mapepala, amasunga kope la ndalama, amakhala nawo pa msika wa Lamulungu ku Arcades, ndipo thabwa likakwanitsa nambala yake amalitsekera m'sutikesi, kiyi n'kumanga kunsonga ya chitenje.

Mwezi watha ndinapezako mlandu. Amalume akhala akufuna kugoba chithunzi chachikulu cha mpira wa Loweruka, osewera, oonerera, ogulitsa ndi agalu omwe, koma thabwa la msinkhu umenewo linali kusowa. Anti pobwera kumsika anapeza kabati ya mbale ili pululu, chitseko chimodzi palibe. Anatuluka panja n'kuchipeza pa maondo a amuna awo, goloboyi atagobedwa kale mpaka m'chiuno.

"Abambo, chitseko changa."

"Amayi, taonani kaye mmene wadumphira mnyamatayu."

Anti anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti zituluka zingati. Amalume anati makumi awiri.

"Khumi ndi zisanu," anatero anti. "Ziwiri zoyamba n'za kalipentala. Ndipo mugule supuni yanu."