KUTENTHA KWAFIKA KUMTUNDA: EYAKONI, MALATA NDI MTHUNZI WA MTENGO KU KASUNGU

Mwezi wa Okutobala ukafika, ife a m'mphepete mwa nyanja timadziwa chochita. Ntchito zolemetsa timazigwira m'mamawa, masana timabisala pakhonde kapena patsinde pa mtengo wa mango, ndipo madzulo ana amathamangira kudooko kukasamba. Koma zaka zapitazi dandaulo la kutentha layamba kumvekanso kuchokera kumtunda, kumadera amene kale tinkawatcha ozizira. Limodzi mwa madera amenewa ndi chidikha cha Kasungu, kumene kumalimidwa fodya wambiri.

Nkhani ya Kasungu ikutikhudza ndithu. Kwa zaka zambiri mabanja ochokera ku Mangochi, Machinga ndi maboma ena a kummwera akhala akukwera malole kupita kumaesiteti a fodya a kumeneko, ambiri a iwo ngati matenanti. Ena anabwerako, ena anakhazikika komweko ndipo ana awo anabadwira konko. Tikamakamba za dzuwa la ku Kasungu, tikukamba za dzuwa limene likuwomba pamsana pa abale athu.

Ntchito ya fodya sidikira kuti kuzizire

Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja zamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizirako ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wa ku Nkhotakota akakwera mtunda kupita ku Kasungu amamva kamphepo. Koma kusiyana kwake ndi kwa madigiri atatu kapena anayi chabe, ndipo mlimi wa fodya alibe dooko lothawirako.

Vuto lalikulu ndi lakuti ntchito yowawa ya fodya imagwa m'miyezi yotentha yomweyi. Nazale amafesa cha mu Seputembala, ndipo mbande zimafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo. Madziwo amatungidwa ndi makheni pachitsime cha kudambo, chimene chimanka chiphwa pamene mwezi ukupita. Nthawi yomweyo mizere iyenera kukhala itapangidwa mvula yoyamba isanagwe, kuti kuwokera kusachedwe. Palinso kudula mitengo ndi kututa udzu womangira zigafa. Wolima fodya woumitsa ndi moto amadzakumananso ndi ng'anjo ina akakolola, pakuti m'balani kutentha kumafika madigiri pafupifupi 70, ndipo wosonkhezera moto amakhala pomwepo usana ndi usiku kwa sabata yathunthu.

Fodya yemweyu ndi mmodzi mwa amene anadya mthunzi. Mabalani amafuna nkhuni, zigafa zimafuna milimo ndi mapaso, ndipo maesiteti ankatsegulidwa pogwetsa nkhalango. Boma litalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, zigafa zinachuluka m'midzi monse. Lero munthu wofuna kuona mmene tchire la Kasungu linalili ayenera kupita kumalo osungirako nyama a Kasungu kapena kunkhalango ya Chimaliro. Nthaka yopanda mtengo imatentha msanga, ndipo mlimi akatopa amasowa pousa.

Mu Okutobala 2023 nthambi ya boma yoona zanyengo inachenjeza anthu kuti asamakhalitse padzuwa, ndipo m'madera ena a dziko lino kutentha kunafika madigiri 43. Mvula ya chaka chimenecho inavutanso chifukwa cha El Niño, kotero kuti mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi.

Makina amene anthu sagwirizana nawo maganizo

Ku Boma la Kasungu, monganso m'matauni ena, mukalowa m'banki kapena m'maofesi ena mumalandiridwa ndi mphepo yozizira yochokera m'kabokosi koyera ka pakhoma. Awa ndi makina oziziritsa m'nyumba, amene ambiri amangoti eyakoni. Mlimi wochokera kumsika wa fodya wa Chinkhoma akalowamo amapumira m'mwamba. Koma mnzake amakhosomola nkumati mphepo imeneyi imayambitsa chimfine ndi chibayo, pamene wachitatu amangoti ndi za mabwana, zongodzionetsera. Tisadabwe, pakuti mkangano womwewu uliponso kumayiko olemera.

Makinawa anawapanga Willis Carrier ku New York mu 1902. Cholinga chake sichinali kusangalatsa anthu ayi, koma kuchepetsa chinyontho m'fakitale yosindikiza mabuku kuti mapepala asamafufume. Mafakitale a nsalu ndi a fodya anali m'gulu la oyamba kuwagwiritsa ntchito. Pambuyo pake analowa m'nyumba zoonetsera kanema, m'masitolo, kenaka m'nyumba zogona. Lero ku America ndi ku Japan nyumba pafupifupi 9 mwa nyumba 10 zilizonse zili ndi makinawa, ndipo munthu wa kumeneko amawaona ngati mmene ife timaonera chitseko: nyumba yopanda eyakoni ndi yosatha. Lee Kuan Yew, amene anatsogolera dziko lotentha la Singapore, ankanena poyera kuti makinawa anathandiza kwambiri kuti dziko lake litukuke.

Ku Ulaya zinthu ndi zosiyana. Kumeneko ndi nyumba imodzi yokha mwa zisanu imene ili ndi eyakoni. Anthu ambiri a ku France ndi Germany amati makinawa ndi owononga magetsi, amaipitsa maonekedwe a nyumba, ndiponso mphepo yake imadwalitsa, monga momwe amanenera achikulire athu. Iwo amakonda makoma ochindikala ndi kutseka mawindo a matabwa masana. Pa masewero a Olympics a mu 2024 ku Paris, eni malo anamanga nyumba zogona osewera zopanda eyakoni, koma mayiko ambiri anakana ndipo anaitanitsa makina awoawo onyamula pamanja.

Komatu mwambo umenewu wawatayitsa miyoyo. M'chilimwe cha 2003 anthu pafupifupi 15,000 anamwalira ndi kutentha ku France kokha, ambiri a iwo okalamba okhala okha m'nyumba. Akatswiri anawerengera kuti m'chilimwe cha 2022 anthu oposa 60,000 anamwalira ku Ulaya pa chifukwa chomwechi. Ifenso sitinaiwale Haji ya mu Juni 2024, pamene kutentha ku Makka kunapitirira madigiri 51 ndipo anthu oposa 1,300 anamwalira. Akuluakulu a Saudi Arabia ananena kuti ambiri a iwo anali opanda chilolezo, amene anayenda mitunda yaitali padzuwa popanda pousa. Apa tikuona kuti mpweya wozizira nthawi zina umapulumutsa moyo.

Koma walira mvula walira matope. Eyakoni sapha kutentha, amangokutulutsa m'chipinda nkukutaya panja, ndipo amadya magetsi ambiri. Bungwe la International Energy Agency linanena mu 2018 kuti makinawa pamodzi ndi mafani amadya gawo limodzi mwa magawo 10 a magetsi onse a padziko lapansi. Magetsi ambiri mwa amenewa amapangidwa potentha malasha ndi mafuta, zimene zimawonjezera kutentha kwa dziko. Nchifukwa chake boma la Japan linayamba mu 2005 kulimbikitsa ogwira ntchito kuvula jekete ndi tayi nthawi yotentha, kuti makina a m'maofesi azichunidwa pa madigiri 28. Ife kuno timavala suti yakuda mu Okutobala, nkutsitsa makina mpaka mlembi avale juzi.

Nanga kwathu kuno?

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha mwa mabanja 100 aliwonse m'Malawi ankaunikira nyumba ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika koposa. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo tinakhala mumdima miyezi yambiri. Eyakoni ya chipinda chimodzi imadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola, pamene fani imatha kuzungulira maola oposa 10 pa yuniti yomweyo. Kwa banja la pa esiteti ku Santhe kapena ku Chamama, mkangano wa ku Paris uja ndi nkhani yongomvera pa wailesi.

Ife tikuona kuti funso loyenera si lakuti eyakoni ndi wabwino kapena woipa, koma lakuti magetsi ochepa amene tili nawo ayambe kuziziritsa ndani. Chipinda cha amayi oyembekezera, chipinda cha ana odwala ndi mosungira mankhwala ziyenera kutsogola ofesi ya bwana, pakuti mankhwala ambiri amaonongeka akakhala pamalo otentha kupitirira madigiri 30.

Kunyumba, akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tigwiritse ntchito zimene tili nazo. Mlimi akagulitsa bwino fodya, choyamba kugula ndi malata, ndipo nzomveka chifukwa udzu ukusowa ndiponso umadontha. Koma malata opanda siling'i, pa nyumba yaifupi ya mawindo aang'ono, amasandutsa chipinda kukhala uvuni. Pomanga, kwezani khoma, ikani mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, siyani mpata pansi pa denga, ndipo musaiwale khonde. Siling'i ya mphasa kapena ya bango imathandiza kwambiri. Kupaka malata penti yoyera kumabweza dzuwa. Mzinda wa Ahmedabad ku India, umene unakonza ndondomeko yolimbana ndi kutentha mu 2013, wakhala ukulimbikitsa njira imeneyi m'nyumba za osauka. Bzalani mtengo chakumadzulo kwa nyumba kumene dzuwa la masana limawomba. Mtsuko wadothi usatayidwe chifukwa cha chigubu cha pulasitiki, pakuti madzi amene amatuluka ngati thukuta kunja kwa mtsuko ndiwo amaziziritsa a m'kati. Mukagona panja, gonani m'neti, kuti pothawa kutentha musakumane ndi malungo.

Kumunda, yambani ntchito kusanache ndipo muweruke dzuwa lisanafike paliwombo. Imwani madzi musanamve ludzu. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti m'thupi madzi achepa. Kuyambira mu 2021 lamulo linathetsa utenanti, ndipo wolima pa esiteti ayenera kutengedwa ngati wantchito wolandira malipiro. Tikupempha eni maesiteti kuti aonjezerepo madzi akumwa, mthunzi wopumulirapo ndi kusintha nthawi yogwirira ntchito m'miyezi yotentha.

Munthu akayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru ali padzuwa, mukhazikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumupatse madzi kapena Thanzi ORS. Koma thupi likatentha kwambiri, nayamba kubwebweta kapena kukomoka, muthireni madzi thupi lonse, mumukupize, ndipo muthamange naye kuchipatala osamumwetsa kanthu ali chikomokere. Makanda, amayi oyembekezera ndi okalamba ndiwo amagwa msanga, choncho tiziwazonda masana.

Inu amene muli ndi abale ku Kasungu, mukamawafunsa za mitengo ya fodya ku Chinkhoma, afunseninso ngati pakhomo pali mthunzi. Mvula yoyamba ikagwa, mbande ya mtengo iwokeredwe tsiku limodzi ndi mbande za fodya.