Kubba ya Faiba: Zimene Zimabisika M'kati Mwake



Monga mukudziwa, komiti ikukambirana zoika kubba, chipewa chozungulira chija, pamwamba pa mzikiti wa pasukulu pathu. Amisiri a faiba atchula mitengo yosiyana kwambiri, chonsecho zithunzi zimene atisonyeza zikunyezimira chimodzimodzi. Ndalama zake ndi sadaka za anthu, ena anachita kugulitsa nkhuku kuti asonkhe. Imeneyi ndi amana. Tisanalipire, tiyeni tidziwe chimene chimasiyanitsa faiba yabwino ndi yachabechabe.

Faiba ndi zinthu ziwiri zophatikizana: ulusi wa galasi ndi rezini, utomoni wamadzimadzi umene umauma gwa akauthira mankhwala oumitsa pang'ono, pafupifupi gawo 1 kapena 2 pa magawo 100. Mmisiri amayamba ndi chikombole, monga amachitira woumba njerwa. Amapaka utoto wa gelcoat, kenako amayala nsalu za ulusi n'kumazinyowetsa ndi rezini. Ndi mmene amapangiranso maboti a faiba amene timawaona ku Mangochi ndi ku Nkhotakota. Chikombolecho nachonso chimakhala cha faiba, koma chiyenera kukhuthala kuposa katundu wotulukamo. Chikapindika, zonse zoumbidwamo zimatuluka zokhota.

Vuto ndi lakuti faiba yopyapyala imawerama ngati chitsulo cha malata chosapinda. Ophunzira a masamu, apa ndi panu: chinthu chafulati mukachikhuthalitsa kawiri, chimakana kupindika kasanu ndi katatu, chifukwa 2 x 2 x 2 ndi 8. Mukachikhuthalitsa katatu, ndi ka 27. Koma kuunjika faiba yokhayokha kumadya ndalama, kumalemetsa denga, ndiponso rezini yambiri ikamaumira pamodzi imatentha mpaka kung'aluka.

Nzeru yake ndiyo kuika chinthu chopepuka pakati pa zikopa ziwiri za faiba. Tang'ambani katoni ya sopo muone: mapepala awiri, pakati pali lina lopindapinda. Lililonse palokha ndi lofooka, koma pamodzi zimanyamula katundu. Njirayi si yatsopano. Ndege ya ku Britain yotchedwa Mosquito, imene inauluka koyamba mu 1940, thupi lake linali la mtengo wa balsa womatidwa pakati pa pulaiwudu.

Zoika pakatizi zilipo zingapo. Balsa, mtengo wopepuka umene wambiri umachokera ku Ecuador, ndi wolimba, koma madzi akalowa paboo la msomali umawola mwakachetechete. Pulaiwudu ndi yosavuta kupeza ndipo imagwira bwino mabauti, koma ndi yolemera ndipo nayonso imawola. Fomu ya PVC siwola ndipo siyamwa madzi kwenikweni, koma mtengo wake ndi wokwera. Palinso Coremat, nsalu yonga bulangete yopyapyala, yabwino pamalo okhota ngati kubba. Fomu yoyera imene amakutira wailesi kapena firiji m'katoni si yoyenera, chifukwa rezini ya polyester imaisungunula.

Gulu lachiwiri ndi ufa umene amasakaniza m'rezini. Silika wopepuka amaikhwimitsa ngati phala kuti isachucheke pamalo otsetsereka. Timipira tagalasi tating'onoting'ono topanda kanthu m'kati timapanga phala lopepuka, losavuta kupala ndi sandipepa. Ulusi wagalasi woduladula umalimbitsa m'makona ndi molumikizira. Ufa wa choko ndi wa talc umachepetsa kukhwinyata kwa rezini pouma, komanso umatsitsa mtengo.

Apa ndi pamene pamalowera chinyengo. Tonse tikudziwa khoma limene womanga anachulukitsa mchenga n'kuchepetsa simenti. Choko chikachuluka, faiba imalemera, imaoneka yokhuthala, koma imaphwanyika ngati mbale yadothi. Mphamvu ya faiba ili mu ulusi, si mu ufa ayi.

Mu Sahih Muslim timamva za tsiku limene Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa n'kupeza kuti pansi pake panali ponyowa. Anamudzudzula wogulitsayo chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu achione. Ufa ndi fomu pazokha si zolakwika. Cholakwika ndi kubisa. Ndipo ife ogula tili ndi ufulu wopisa dzanja, monga anachitira iye.

Choncho tikupempha komiti ifunse mmisiri aliyense zinthu izi. Adzayala nsalu za ulusi zingati, ndipo za kulemera kotani, za magalamu 300 kapena 450 pa sikweya mita? Pakati adzaika chiyani? Pamalo omangira mabauti ndi poika mwezi pamwamba, adzatseka bwanji kuti mvula isalowe? Atipatse kachidutswa kodula pa ntchito imene anagwirapo kale, tione m'mbali mwake ndi maso athu. Tikagogodenso ndi khobidi: pamene pamatika bwino pamalira mokweza, pamene pali mphako pamalira mogontha. Mayankho onse alembedwe m'pangano, pakhale mboni, monga Chisilamu chimatiphunzitsa pa nkhani za malonda ndi ngongole.

Ophunzira, ntchito ikayamba mudzaonerere chapatali. Fungo la rezini limapweteketsa mutu, fumbi la faiba limayabwa pakhungu ndiponso ndi loipa m'chifuwa, ndipo mankhwala oumitsa aja akadonthera m'diso angathe kuchititsa khungu. Koma mudzaonerere ndithu, chifukwa mabotiwa, matanki ndi makubba akusowa amisiri okhulupirika, ndipo ena a iwo angachokere pakati panu.

Tidzakumana pa zokambirana ikatha Swala ya Ijumaa, insha Allah. Allah atitsogolere posankha.